James Stewart ndi Msewu Woyamba Wodutsa ku Chitipa

Mawu oyamba

Aliyense amene anaphunzirako mbiri ya dziko lino anamvapo za msewu wa Stevenson, umene cholinga chake chinali kulumikiza Nyanja ya Malawi ndi Nyanja ya Tanganyika kudzera m'dera limene lero ndi boma la Chitipa. Dzina limene timaloweza pokonzekera mayeso ndi la James Stevenson, mwini ndalama. Koma amene anayeza njirayo, kulemba anthu ntchito, mpaka kufera pa ntchitoyo anali munthu wina, injiniya James Stewart. Ine monga mwana wa ku Chitipa ndasankha kulemba za moyo wa bambo ameneyu chifukwa ndikuona kuti mbiri yake ikutithandiza kumvetsa mfundo imene malamulo onse apamsewu atsamirapo. Mfundo yake ndi yakuti munthu amene watenga anzake paulendo ndiye ayenera kuyankha za miyoyo yawo.

M'nkhani ino ndifotokoza kumene Stewart anachokera, misewu imene analambula, mavuto amene anakumana nawo ndi mmene anafera. Pomaliza ndiyerekeza nthawi yake, pamene njira zinalibe lamulo la boma, ndi nthawi yathu ino pamene woyendetsa galimoto aliyense ali ndi udindo wolembedwa m'malamulo.

Kuchokera ku India kudza kunyanja

James Stewart anabadwira ku Scotland m'zaka za m'ma 1840. Tisamusokoneze ndi msuweni wake, Dr James Stewart wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, amene mu 1874 anapereka ganizo lakuti mpingo wa Free Church of Scotland utsegule mishoni yokumbukira David Livingstone. Pofuna kusiyanitsa awiriwa, mabuku a mbiri amaika zilembo C.E. kumapeto kwa dzina la Stewart wathuyu, kusonyeza kuti anali injiniya wa zomangamanga. Atatsiriza maphunziro anapita ku India kumene anagwira ntchito ya boma kwa zaka zingapo, kukumba ngalande zikuluzikulu za ulimi wothirira m'chigawo cha Punjab. Kumeneko ndi kumene anazolowera kuyeza malo, kuwerengera kutsetsereka kwa nthaka ndi kuyang'anira khamu la anthu pa ntchito imodzi.

Mu 1877, ali pa tchuthi, anabwera kudzaona msuweni wake uja amene pa nthawiyo ankatsogolera mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear. Anafika ngati mlendo wodzangocheza, koma ataona kukula kwa ntchito anaganiza zokhala. Anasiya ntchito ya ku India nalowa mu mishoni.

Ntchito yake yoyamba yaikulu inali ku Blantyre. Mishoni ya Church of Scotland imene inakhazikitsidwa kumeneko mu 1876 inali itasowa utsogoleri, kotero inapempha thandizo ku Livingstonia. Stewart anali mmodzi mwa amene anatumizidwa. Iye anayala pomanga nyumba ndi polima minda, nakumba ngalande yobweretsa madzi pamishoni. Koposa zonse anayeza ndi kulambula msewu wolambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Masiku amenewo Shire ndiye anali khomo lolowera m'dziko lino, koma pakati pa Chikwawa ndi Matope sitima siingadutse chifukwa cha mathithi. Mu 1875 sitima ya Ilala inachita kumasulidwa zidutswazidutswa ndi kusenzedwa pamutu ndi anthu mazanamazana kuti ikafike kumtunda. Msewu wa Stewart, wodzera pa Blantyre kupita ku Matope, unapeputsako ulendo umenewu.

Pali mbali ina ya zaka za ku Blantyre imene sitiyenera kuibisa. Boma la Britain linali lisanayambe kulamulira dziko lino, chifukwa chitetezo chake chinadzalengezedwa mu 1891. Amishoni anayamba kudziweruzira okha milandu ya anthu okhala pamalo awo, ndipo chilango cha mkwapulo chinayamba kuperekedwa pa Blantyre m'nyengo imene Stewart ankathandiza kuyendetsa mishoniyo. Nkhanzazi zinakula iye atachoka, mpaka mu 1880 mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anaziulula ku Britain. Zotsatira zake, mu 1881 mpingo unachotsa ntchito mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Ndatchula zimenezi chifukwa zikusonyeza chimene chimachitika munthu wamphamvu akakhala wodandaula, woweruza ndi wopereka chilango nthawi imodzi.

Ulendo wa ku Tanganyika

Mu 1878 Stewart anayenda ulendo wautali wapansi ndi Dr Robert Laws ndi William Koyi, mlaliki wochokera ku Lovedale, kufunafuna malo abwino osamutsirako mishoni chifukwa ku Cape Maclear malungo anali atatenga kale miyoyo ya anzawo. Ulendo umenewu ndiwo unatsegula njira yakuti mishoni isamukire ku Bandawe mu 1881.

Chaka cha 1879 ndicho chinamubweretsa kwathu. Atatsika m'sitima kumpoto kwa nyanja, anakwera mapiri nadutsa chigwa chokwera cha pakati pa nyanja ziwiri, akuyeza mtunda ndi kujambula mapu. Mu Novembala chaka chomwecho anafika pa mudzi wa Pambete kum'mwera kwa Nyanja ya Tanganyika, kumene anakumana ndi Joseph Thomson, mnyamata wa ku Scotland amene anali atangofika kumene kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa. Malipoti a Stewart anasindikizidwa ndi bungwe la Royal Geographical Society ku London. Uthenga wake unali wakuti munthu akangomaliza kukwera chitunda chochokera kunyanja, mtunda wotsalawo ndi wosavuta kulambulamo msewu.

James Stevenson, mwini fakitale ya mankhwala ku Glasgow komanso mkulu wa kampani ya African Lakes, imene ife timaidziwa kuti Mandala, anakopeka ndi malipotiwa. Analonjeza ndalama zokwana £4,000 zolambulira msewu wa mafiti 10 m'lifupi, kapena kuti pafupifupi mamita 3, ndi mamailosi oposa 200 m'litali. Anaikapo mfundo zakuti mishoni ya Livingstonia ndi ya London Missionary Society zitsegule masiteshoni m'mbali mwa msewuwo, ndiponso kuti Mandala afikitse malonda ake ku Tanganyika. Chiyembekezo chinali chakuti malonda a nsalu ndi minyanga ya njovu akayenda momasuka, malonda a akapolo adzatha okha.

Kulambula msewu

Ntchito inayamba mu 1881 kuchokera cha ku Karonga. Amene amadziwa dera limeneli angamvetse kukula kwake. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Chitipa ili pa mamita oposa 1,200. Choncho m'makilomita ochepa okha msewu unayenera kukwera mamita mazana angapo, kudutsa m'matanthwe, m'zigwembe ndi m'mitsinje imene imasefukira nthawi ya dzinja. Kunalibe makina. Zida zinali makasu, nkhwangwa, mapiki ndi manja a anthu. Chakudya, nsalu zolipirira antchito ndi zipangizo zonse zinkabwera pamitu ya amtengatenga, aliyense atasenza katundu woposa makilogalamu 20.

Tisaganize kuti Stewart analowa m'dziko lopanda njira kapena lopanda mwambo. Makolo athu, Alambya, Anyiha, Andali, Asukwa, Anamwanga ndi ena, anali ndi njira zawo zosinthanirana mchere, makasu ndi ziweto. Njirazo zinali ndi eni ake. Gulu la apaulendo likafika m'dera la mfumu linkayenera kuonekera kaye kwa mfumuyo, kufotokoza kumene likupita ndi kupereka mphatso ya nsalu kapena mikanda. Komanso inali nthawi ya mantha. Nkhondo za Abemba ndi Angoni pamodzi ndi magulu ogula akapolo zinachititsa kuti midzi yambiri izunguliridwe ndi malinga, ndipo khamu la alendo onyamula katundu linkakayikiridwa.

Chakumapeto kwa 1881 kunachitika tsoka. Amuna 19 mwa anthu a Stewart anaphedwa m'dera la mfumu ina kumapiri kumene msewu unkalowera, ndipo ntchito inaima kwa miyezi ingapo. Amuna amenewa anasiya mabanja awo kutsata ntchito ya mzungu, anayenda m'dziko lachilendo pa lamulo lake, ndipo sanabwerere kwawo. Kunalibe bwalo la boma limene likanafufuza ngati anatumidwa mosamala, kunalibenso lamulo lokakamiza wolemba ntchito kupereka chipukuta misozi kwa amasiye. Kusukulu timaphunzira mayina a Stevenson, Stewart ndi anyamata a Moir, koma a amuna 19 aja sitiwaphunzira.

Stewart anabwereranso mu 1882 napitiriza ntchito. Chaka chomwecho kunatsegulidwa siteshoni ya mishoni kwa Mweniwanda, pa Chirenje, m'dera la Chitipa. Pamene ntchito ya msewu inkaima, iye ankayeza magombe a nyanja ndi kukonza mapu ake. Koma thupi linali likutha. Kugona m'misasa ya m'madambo, kugwira ntchito padzuwa la ku Karonga ndi kudwaladwala zinamufooketsa. Anamwalira ndi malungo pa 30 Ogasiti 1883, kufupi ndi Karonga, msewu usanafike ndi theka lomwe.

Zimene zinatsatira imfa yake

M'malo mwake munabwera injiniya wachinyamata William McEwan, amene anagwira ntchito ndi mmisiri Donald Munro. Nayenso McEwan anamwalira mu 1885 pa Chirenje. Kuyambira pamenepo ntchito yeniyeni yolambula inazilala. Chigawo chokwera mapiri kuchokera ku Karonga ndicho chinali msewu, kwinako kunatsala njira ya miyendo. Ngakhale zinali choncho, zidutswa za sitima ya Good News ya London Missionary Society zinadzera njira yomweyi pamitu ya anthu, ndipo sitimayo inayandama pa Nyanja ya Tanganyika mu 1885.

Msewu susankha woyendamo. Njira imene inalambulidwa kuti ithetse ukapolo inakopanso ogula akapolo. Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu anamanga malinga awo kufupi ndi msewuwo, chakumadzulo kwa Karonga, ndipo kuyambira 1887 panabuka nkhondo pakati pa iwo ndi kampani ya Mandala. Mkanganowu unatheratu mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston anagonjetsa Mlozi ndi kumupachika. Pambuyo pake boma linamanga linga loyang'anira msewu limene linatchedwa Fort Hill, potengera dzina la Clement Hill wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Malo amenewa ndiwo Chitipa ya lero.

Chodabwitsa n'chakuti msewu wosathawu unagwira ntchito yaikulu pa mapu kuposa pansi. Pa pangano la pakati pa Britain ndi Germany la mu Julayi 1890, a Britain anaumirira kuti msewu wa Stevenson ukhale mbali yawo, ndipo malire anatsata mtsinje wa Songwe. N'chifukwa chake Chitipa ili m'Malawi pamene abale athu a tsidya lina la Songwe, olankhula zinenero zomwezi, ali m'Tanzania.

Kuchokera pa mtengatenga kufika pa galimoto

Stewart sanaonepo galimoto. Karl Benz analembetsa galimoto yake yoyamba mu 1886, patatha zaka zitatu iye atamwalira. Komabe kwawo ku Britain malamulo apamsewu anali atayamba kale. Lamulo la mu 1835 linkauza oyendetsa ngolo kuti azidzera kumanzere, ndipo n'kumeneko kunachokera chizolowezi chimene Malawi, Zambia ndi Tanzania akutsata mpaka lero. Lamulo la mu 1865 linkati makina oyendera nthunzi asapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, ndipo patsogolo pake pazikhala munthu woyenda pansi atanyamula mbendera yofiira. Mu 1903 kunabwera lamulo la malaisensi ndi manambala a galimoto, ndipo mu 1930 inshuwalansi yoteteza anthu ena inakhala yokakamiza. Tikawaonetsetsa malamulo onsewa, tipeza kuti akusenzetsa mtolo munthu amene ali ndi chinthu champhamvu pamsewu, pofuna kuteteza amene alibe.

Kwathu ku Chitipa galimoto zinabwera, koma msewu unakhala wafumbi kwa zaka zambirimbiri. Nthawi ya dzinja malole ankatitimira, ndipo ulendo wochoka ku Karonga unkatha kutenga tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Msewu wa phula wa makilomita 101 unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, Malawi atayamba ubale ndi dzikolo chakumapeto kwa 2007, ndipo unatsegulidwa mu 2013. Tinganene kuti maloto a Stewart a msewu wodalirika wokwera chitunda cha Karonga anakwaniritsidwa patatha zaka 130 iye atamwalira. Lero khofi wa ku Misuku, chimanga ndi nyemba zimatsikira kunyanja m'maola ochepa, ndipo wodwala amene watumizidwa kuchipatala chachikulu amafika msanga.

Koma walira mvula walira matope. Phula labweretsa liwiro pa msewu wa makona ndi zitsetso, umene umadutsa m'misika, pafupi ndi masukulu ndi m'malo odyetsera ng'ombe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, kuti chiopsezo n'chachikulu kwambiri mu Africa, ndiponso kuti oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Awa ndiwo anthu amene amadzaza misewu ya kwathu.

Udindo wa woyendetsa galimoto

Kusiyana kwa nthawi ya Stewart ndi yathu n'kwakuti ife tili ndi lamulo lolembedwa. Lamulo lalikulu ndi Road Traffic Act la mu 1997, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services pamodzi ndi apolisi apamsewu. Lamuloli limayamba kugwira ntchito galimoto isanalizidwe n'komwe. Dalaivala ayenera kukhala ndi laisensi yogwirizana ndi mtundu wa galimoto imene akuyendetsa, ndipo wonyamula anthu olipira amafunikanso chilolezo chapadera. Galimoto iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti inayesedwa ndipo ili bwino, chimene madalaivala amangochitchula kuti COF, komanso inshuwalansi yoteteza anthu ena. Mwini galimoto amene wapereka makiyi kwa munthu wopanda laisensi nayenso wapalamula.

Paulendo, dalaivala ayenera kumvera zikwangwani ndi malire a liwiro, kupewa kupitirira galimoto ina pamene sakuona kutsogolo, kumanga lamba ndi kunyamula anthu kapena katundu malinga ndi mlingo wololedwa. Kuyendetsa utaledzera ndi mlandu, ndipo malire ake ndi magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Wanjinga yamoto, kuphatikizapo anyamata a kabaza amene achuluka pa boma ndi m'misika yathu, amamangidwa ndi malamulo omwewa, ndipo iye ndi wokwera wake ayenera kuvala chisoti. Wowolokera ku Zambia kapena ku Tanzania amafunikanso inshuwalansi yogwira ntchito kumeneko, monga Yellow Card ya maiko a COMESA.

Ngozi ikachitika, lamulo limafuna kuti dalaivala aime, aone amene avulala, awathandize monga angathere ndi kukanena kupolisi. Wopezeka wolakwa amalipira chindapusa, akhoza kulandidwa laisensi, ndipo ngati wapha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala akhoza kupita kundende. Ovulala ndi amasiye ali ndi ufulu wofuna chipukuta misozi kudzera ku inshuwalansi kapena kubwalo la milandu. Uwu ndi ufulu umene mabanja a amuna 19 aja analibe.

Lamulo lomweli limatetezanso dalaivala. Tikudziwa kuti ena amathawa pamalo a ngozi poopa kumenyedwa ndi khamu lokwiya. Khamu likagenda dalaivala kapena kutentha galimoto limachita zomwe zinkachitika pa Blantyre masiku a mkwapulo, kudziweruzira lokha mlandu. Dalaivala amene moyo wake uli pa chiswe malo ake othawirako ndi kupolisi, ndipo mlandu ukaweruzidwe kubwalo. Chimodzimodzinso dalaivala amene amapereka kangachepe pa chipata kuti adutse ndi matayala akutha kapena mabuleki osagwira, wadziweruzira yekha kuti miyoyo ya okwera ake ndi yotsika mtengo.

Mawu omaliza

Maganizo anga pa James Stewart ndi akuti anali munthu wakhama amene anasiya ntchito yabwino ku India nadzafera m'dziko la eni polambula njira imene mpaka lero ikutithandiza. Koma analinso munthu wa nthawi imene wotsogolera ulendo sankayankha kwa wina aliyense, ndipo amene anavutika nazo ndi anthu wamba amene ankasenza katundu wake. Tikamakumbukira manda ake ndi a McEwan tizikumbukiranso amtengatenga amene anagona m'mapiri omwewo.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Dalaivala wa minibasi, wa matola kapena wa kabaza amene akutsika chitunda cha Karonga ali pa mpando umene Stewart anali, wotsogolera anthu amene amukhulupirira. Ambiri a ife ophunzira tidzagwira chiwongolero tikamaliza maphunziro, ena tidzagula galimoto ndi kulemba madalaivala, enanso tidzakhala apolisi, aphunzitsi ndi oweruza milandu. Pempho langa ndi lakuti laisensi tiziione ngati pangano losamala moyo wa mwana wasukulu, mayi wosenza nkhuni ndi wokwera aliyense amene tamutenga paulendo.